Jekete la Wapampando Likadali Padenga

Pamene zolembedwa izi zikusainidwa, khonde la Mayi Kaphuka lilibe denga, ndipo jekete la Wapampando likadali lokhomereredwa ku phaso lapakati.

BUNGWE LA TIGWIRANE MANJA LA AMALAWI OKHALA KU NAIROBI
KOMITI YA ZIPANGIZO: MSONKHANO WADZIDZIDZI

Tsiku: Lamulungu, 19 Okutobala 2025
Malo: Khonde lakuseri kwa nyumba ya Mayi Tionenji Kaphuka, Buruburu

Opezekapo:
A Gregory Kalimbuka, Wapampando (Runda)
Mayi Consolata Nsanjama, Msungichuma (Kahawa)
A Titus Mbeza, membala (Kahawa)
Mayi Tionenji Kaphuka, membala ndiponso mwini khonde
Sungeni Makwangwala, Mlembi

Osapezeka:
A Thomas Likagwa (anapepesa)
A Chiukepo Mhango (sanapepese, ndiwo anabweretsa ganizo logula makina)

1. KUTSEGULA MSONKHANO

Wapampando anatsegula msonkhano 2 koloko masana. Mayi Nsanjama anapemphera. Anapempherera nzeru, mgwirizano, ndiponso kuti mvula iyambe yakagwa ku Machakos kumene alimi akuifuna.

Wapampando anapempha kuti msonkhano ulowe m'nyumba popeza kumwamba kunali kutada. Mayi Kaphuka anayankha kuti pabalaza padzaza malata atsopano, omwe akhala pamenepo chigulireni poopa akuba, moti iwo ndi mwana wawo Dinah akuonera nkhani ali chiimire. Anati komiti ikhale pakhonde pomwepo kuti izikambirana ikuona ntchito ya manja ake. Atatero anakiya chitseko, kiyi n'kumumangirira kunsonga ya chitenje.

Msonkhano unapitirira pakhonde.

2. ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WAPITA

Mlembi anawerenga mfundo zomwe komiti inamanga mwezi watha:

(a) kuti bungwe ligule makina otchipa okhomera misomali ya denga, oti mamembala azibwerekana pa ntchito zapakhomo;

(b) kuti ntchito yoyamba ya makinawo ikhale khonde la Mayi Kaphuka, chifukwa Loweruka pa 25 Okutobala pakhomopa pafika akuchimuna ochokera ku Murang'a kudzafunsira Dinah, ndipo alendowo adzalandiridwa pakhondepo;

(c) kuti malata akale asasulidwe msanga, kuti makina akafika asadikire.

Komiti inaona kuti pa mfundo zitatuzi, yachitatu yokha ndiyo yakwaniritsidwa. Wapampando anapempha kuti liwu lakuti "msanga" lichotsedwe, ponena kuti sakukumbuka kuti analitchula. Mayi Kaphuka anawapempha kuti ayang'ane kumwamba. Liwulo linasiyidwa momwemo.

Mlembi anakumbutsa komiti kuti m'zolembedwa zomwezo muli chenjezo lochokera m'buku la opanga makina. Wapampando anati chenjezo lidikire nthawi yake.

3. LIPOTI LA KUYESA MAKINA, LOWERUKA DZULO

3.1 Wapampando anafotokoza kuti anabwereka makina kwa neba wawo wa ku Runda, yemwe akubwerera kwawo kunja ndipo akugulitsa katundu. Makinawo amayendera mpweya. Anabwera m'bokosi lake, limodzi ndi kompuresa yaing'ono, paipi, magalasi otchinjiriza maso, kabotolo ka mafuta, ndi misomali yake pang'ono yotsala. Misomali ya makinawa imabwera yolumikizidwa ndi kawaya, yopindidwa ngati nkhata.

3.2 A Mbeza anafotokoza za misomali. Anati tsiku losasula denga sanalole kuti msomali ndi umodzi womwe utayike, chifukwa kwawo ku Neno msomali umaona madenga atatu usanapume, ndipo munthu wotaya msomali anthu samupatsa mkazi. Anatola yonse, naiika m'chitini cha mafuta ophikira, nakwera nayo minibasi, yomwe kuno amati matatu, mpaka ku Kahawa. Kumeneko akhala akuiwongola pamwala akaweruka kophunzitsa, mpaka mwini nyumba anabwera kudzafunsa ngati atsegula jua kali, malo osulira zitsulo, pa nyumba yosanjikiza. Ataona kuti misomali ya makina ndi yolumikizana, iwo analumikiza yawo ndi waya wochokera mu fani yakufa, naipinda nkhata. Anati maonekedwe ake sanasiyane kwenikweni.

Mayi Nsanjama anati anasiyana.

A Mbeza anavomereza kuti makina anameza msomali woyamba n'kutsamwa. Unachotsedwa ndi mpeni wodulira masamba wa Mayi Kaphuka. Mpeniwo tsopano ulibe nsonga.

3.3 Wapampando anati pamenepo anaona kuti ndi udindo wawo kukwera okha ndi misomali yeniyeni ija. Anakwera atavala jekete latsopano, lomwe anasoketsa kuti adzavale Loweruka likudzali, popeza ndiwo nkhoswe ya Dinah. Anati analivala pofuna kuti chithunzi chopita pa gulu la WhatsApp la bungwe chioneke chaulemu. Atajambulidwa anavula jekete, naliyala paphaso lapakati, kuti ayambe ntchito.

Nthawi yomweyo Mama Njoki, neba wachikulire wa kuseri kwa mpanda, anawapatsa moni. Wapampando anati iwo analeredwa, ndipo sakanatha kuyankha munthu wamkulu ali chiimire pamwamba pake, chitsulo chili m'manja. Choncho ananjuta paphaso, natsitsa makina kuti awombe m'manja. Makinawo anatsikira pa jekete, chala chikadali pa kachitsulo kowombera. Makina anayankha moni iwo asanayankhe. Atadzidzimuka anawanyamula, nawatsitsanso, ndipo anayankhanso.

Mlembi anawerenga ndime ya m'buku la opanga makina yonena kuti chala chikakhala pa kachitsuloko, makinawa amalavula msomali nthawi iliyonse mphuno yake ikagunda chinthu. Wapampando anati ndimeyo ikanayenera kukhala pachikuto.

3.4 Panabuka kusagwirizana pa chiwerengero cha misomali yomwe ili mu jekete. Wapampando anati ndi itatu. A Mbeza anati iwo anali pansi atagwira makwerero, ndipo anamva ngati chimanga chokazinga. Komiti inayang'ana kumwamba. Misomali ndi yoposa itatu. Umodzi unatseka thumba lamkati, momwe muli foni ya Wapampando.

3.5 Wapampando anati: "Alembi, lembani kuti makina anagwira ntchito."

Mayi Kaphuka anati: "Lembaninso kuti padenga lonseli chomwe chakhomedwa bwino ndi jekete lokha."

Zonse ziwiri zalembedwa.

4. KUSANKHA MAKINA

4.1 Msungichuma anaika patebulo mitundu itatu yomwe mamembala anapeza.

Woyamba ndi wa ku Runda uja. Ndi wogwiritsidwa kale ntchito, koma uli ndi zonse. Wapampando anati anamuuza kale nebayo kuti bungwe ligula, ndipo mawu a munthu wamkulu sabwerera m'kamwa. Mayi Nsanjama anafunsa kuti komiti inawatuma liti. Wapampando anati anadzituma m'malo mwa komiti pofuna kupulumutsa nthawi.

Wachiwiri anaupeza a Mbeza m'duka lina m'tauni. Ndi wotchipa koposa yonse, ndipo wogulitsa anawauza kuti imeneyo ndi bei ya mwisho, kutanthauza mtengo womaliza. Ulibe kompuresa. A Mbeza anati mpweya ndi mpweya, ndipo ali ndi pampu ya njinga yolimba. Anati ikakanika pampu, akhoza kulumikiza mapaipi othiririra maluwa mpaka kwa mkulu womata matayala pakona ya msewu, yemwe mpweya wake umangokhala masana onse. Mayi Kaphuka anati pakati pa khonde ndi pakona pali nyumba za anthu, tchalitchi, ndi malo oimikira boda boda, njinga zamoto za kabaza.

Wachitatu ndi wa batire, wogulitsidwa pa intaneti, womwe a Mhango anatumiza chithunzi chake asanaleke kuyankha mafoni. Msungichuma anati mtengo wake ukuposa wa denga lonse. Anakumbutsa komiti kuti thumba lomwe makina agulidwire ndi lomwelo limanyamula maliro kupita kumudzi, ndipo poona zomwe zinachitika dzulo, sikungakhale kwanzeru kulipungula pamene makinawo akhoza kulibweretsera ntchito.

4.2 Pamenepa foni ya Wapampando inalira padenga. Msonkhano unaima mpaka inaleka. Wapampando anati ayenera kuti ndi neba wa ku Runda.

4.3 Wapampando analola kuti chenjezo lija liwerengedwe. Mlembi anafotokoza kuti malinga ndi mabuku a opanga, makina onse atatu ndi okhomera timatailosi tafulati ta phula, tonga tomwe tili pa nyumba zina za ku Runda, ndipo amalavula misomali yaifupi. Lata limakhomedwa pamsana, ndi msomali wautali wachisoti, kuti madzi asalowe. Anaika patebulo chidutswa cha lata, kathabwa, ndi msomali wa makina. Msomali unaboola lata koma sunafike pathabwa.

Wapampando anati akhome m'ngalande ya lata, momwe msomali ungafike. Mayi Nsanjama anati m'ngalande ndi momwe mumayenda madzi, n'chifukwa chake imatchedwa ngalande.

Wapampando anati ngati makina sakugwirizana ndi denga, vuto likhoza kukhala denga. Anapereka ganizo lakuti malata atsopano abwezedwe, m'malo mwake pagulidwe matailosi a phula ndi matabwa oyalapo, kuti khonde lifanane ndi makina. Anati komiti isaope chitukuko.

Mayi Kaphuka anayankha. Pempho la Msungichuma linali lakuti yankholo lisalembedwe, poti linali tsiku la Mulungu, ndipo komiti inavomereza.

4.4 Mvula yowaza inayamba. Madzi anatsika ndi mkono wakumanja wa jekete n'kumadontha pamutu pa Wapampando. Wapampando anasuntha mpando. Madzi anatsika ndi mkono wakumanzere. Wapampando anapemphanso kuti msonkhano ulowe m'nyumba. Mayi Kaphuka anati chitseko chitseguka komiti ikamanga mfundo, ndipo iwo akhala akuphika, kuchapa ndi kusita pansi pa mfundo yachitatu ija, choncho komiti ikhoza kupirira masana amodzi.

5. MAWU A MWINI KHONDE

Mayi Kaphuka anapempha kuti alankhule opanda wowadula. Wapampando analola.

Anati khondeli analimanga malemu amuna awo, a Francis, chaka chomwe Dinah anayamba sukulu. Analimanga okha, Loweruka lililonse, ndi hamala imodzi, ndipo ankanena moseka kuti tsiku lina adzakhala pomwepo n'kumawazunguza odzafunsira mwana wawo. Anati denga lakalelo linkadontha pakona imodzi yokha, ndipo iwo ankatcherapo beseni. Chomwe anapempha kubungwe chinali chakuti munthu mmodzi adzakwere n'kutseka pakonapo alendo asanafike.

"Ndinapempha chigamba, achimwene. Mwandipatsa thambo lonse."

Anapitiriza kunena kuti akuchimuna anauzidwa kuti Amalawi ndi anthu aulemu ndi adongosolo. Dzana azakhali a mnyamatayo anadutsa pa Buruburu, naona mapaso ali pamtetete, ndipo anamuimbira Dinah kufunsa mwaulemu ngati abwere ndi tenti yawo. Dinah sanadye usiku umenewo. Mayi Kaphuka anati mwana wamasiye akafunsiridwa pansi pa tenti ya akuchimuna, ukwati wonse adzakhala akukumbutsidwa kuti kwawo kunalibe denga.

"Sindikufunsa kuti makina abwino ndi ati. Ndikufunsa kuti Loweruka alendo anga akhala pati."

Foni inaliranso padenga, koma mawu ake anali atasasa.

Mayi Kaphuka anapereka ganizo lakuti popeza mawa Lolemba ndi tchuthi cha dziko lino, mamembala onse abwere m'mawa ngati pa dima, aliyense ndi hamala, akhome denga ndi manja. Iwo aphika. Mayi Nsanjama anavomereza ganizolo. A Mbeza anavomereza. Wapampando anati iwo sakukana, koma komiti idziwe kuti ikubwerera m'mbuyo. Ganizo linadutsa.

5.1 Za mahamala. Komiti inafunsa Msungichuma kuti bungwe lili ndi mahamala angati. Msungichuma anati Komiti ya Zipangizo ili ndi makwerero, wilibala yopanda tayala, ndi chingwe. Hamala ilibe. Wapampando anati kwawo zokhomakhoma amaitana fundi, ndiye kuti mmisiri. A Mbeza anati iwo ali ndi mwala. Mlembi alibe.

Mayi Kaphuka anamasula kiyi, nalowa m'nyumba, natuluka ndi hamala ya malemu a Francis, yachigwiriro chomangidwa ndi mphira, naiika patebulo. Anakiyanso chitseko.

Mama Njoki, amene si membala, analankhula kuseri kwa mpanda m'Chiswahili kuti ali ndi nyundo ziwiri ndipo abwereketsa, bola mzee, mkulu wa jekete uja, asadzawapatsenso moni ali pamwamba. Komiti inathokoza. Inazindikiranso kuti Mama Njoki akhala akutsatira msonkhano chiyambireni, ngakhale Chichewa sachimva.

5.2 Za misomali. Msungichuma anati ndalama sizingatuluke popanda siginecha ya a Likagwa, omwe ali ku Nakuru mpaka Lachitatu. Komiti inaona kuti misomali ya malata yomwe ilipo ndi ya m'chitini cha a Mbeza yokha. Mlembi anachenjeza kuti timphira ta pansi pa zisoti za misomali yakale tinatha, ndipo popanda timphirato msomali umalowetsa madzi. A Mbeza anati adula tina kuchokera ku chubu cha njinga yawo, popeza pampu sikufunikanso. Anapempha kuti zilembedwe kuti msomali sutayidwa. Zalembedwa. Komiti inawapempha kuti amasule waya yense yemwe anamangira misomaliyo mawa lisanafike. A Mbeza anati anamanga mfundo ziwiriziwiri pa msomali uliwonse. Komiti inawafunira zabwino.

6. ZA JEKETE

Wapampando anapempha kuti jekete litsitsidwe lisanawonongeke kopitirira. A Mbeza anati anayesa dzulo, koma mitu ya misomali inamira m'nsalu, ndipo kuizula n'kung'amba msana wonse.

Wapampando anapereka ganizo lakuti phaso lidulidwe mbali zonse ziwiri, jekete litsike ndi thabwa lake, telala akaone chochita. Mayi Nsanjama anati telala akalephera, nkhoswe idzafika pamwambo ili ndi thabwa kumsana, ndipo kadzakhala koyamba kuti Wapampando aime mowongoka pa nkhani imodzi. Wapampando anapempha kuti mawuwo abwezedwe. Mayi Nsanjama anabweza liwu lakuti "koyamba".

Mayi Kaphuka anati phaso limenelo anakhoma ndi a Francis, ndi lolimba, ndipo silidulidwa.

Komiti inagwirizana kuti mawa Mayi Nsanjama akwere ndi lumo, adule manja ndi zonse zolendewera, atulutse foni, ndipo chotsala chifundidwe ndi malata. A Mbeza anapempha kuti manjawo asatayidwe.

Wapampando anafunsa kuti nanga iwo adzavala chiyani Loweruka. Anati nkhoswe siingaime pamaso pa anthu a ku Murang'a ndi malaya okha ngati kondakitala, ndipo majekete awo ena anasiya kuwakwana chaka cha mliri.

Mayi Kaphuka analowanso m'nyumba. Anatuluka ndi jekete lakuda lokutidwa ndi pepala la pulasitiki. Anati ndi la malemu a Francis, ndipo analisunga osadziwa kuti akusungiranji.

"Akanakhalapo akanavala ndi iwo. Inu mwaima m'malo mwawo. Tayesani."

Wapampando analiyesa. M'mapewa linakwana. Manja ndi aafupi pang'ono, ndipo batani lapamimba silikufika. Mayi Nsanjama anati batani alisuntha, koma mimba ndi udindo wa mwini wake.

Wapampando ananyamula mpando wawo n'kukakhala m'mbali mwa khoma, pomwe mvula simafika, kuti jeketelo lisanyowe. Ali pomwepo anapereka ganizo lakuti makina a ku Runda abwezedwe kwa mwini wake, ndipo anati kwa nebayo akalankhula okha. Anapemphanso kuti mawa, ngati mwini wake alola, hamala yachigwiriro cha mphira ikhale m'manja mwawo. Mayi Kaphuka anati alola, bola a Mbeza ayambe awaonetsa pansi, pa thabwa losafunika, ndipo asavale chilichonse chamtengo.

Maganizo onse awiri anadutsa popanda wotsutsa. Mayi Kaphuka anatsegula chitseko. Msonkhano unalowa m'nyumba, ndipo unapitirira mamembala ataimirira m'mbali mwa malata.

7. ZINA NDI ZINA

7.1 Mayi Kaphuka anakumbutsa za mpeni. A Mbeza anati aunola pamwala womwe uja, ndipo ukhala wamfupi koma wakuthwa.

7.2 Mayi Nsanjama anati chithunzi cha Wapampando atanyamula makina chikadali pa gulu la WhatsApp, pansi pake patalembedwa kuti "Tafika", ndipo mamembala ena ayamba kale kulembetsa mayina kuti abwereke. Wapampando anati achichotsa akapeza foni. Foni sinalirenso kufikira msonkhano unatha.

7.3 Nkhani yosankha makina yaimitsidwa mpaka padzapezeke membala wokhala ndi denga logwirizana nawo. Msungichuma anapempha kuti pa msonkhano wamtsogolo komiti ikambirane zogula hamala. Wapampando anati paikidwe kakomiti kofufuza mitundu ya mahamala. Ganizoli silinapeze wolivomereza.

7.4 Dinah anafika kuchokera kokonzetsa tsitsi msonkhano uli pafupi kutha. Anafunsa amayi ake choti awayankhe azakhali aja. Mayi Kaphuka anayang'ana Wapampando. Wapampando anati awauze kuti tenti aisiye ku Murang'a.

8. MSONKHANO WOTSATIRA NDI KUTSEKA

A Mbeza anapemphera mwachidule, ponena kuti mfundo zikuwadikira ku Kahawa. Msonkhano unatsekedwa 5 koloko madzulo.

Msonkhano wotsatira uchitika mawa, Lolemba pa 20 Okutobala, padenga, kukangocha. Mamembala akukumbutsidwa kuti moni yense aperekedwe ali pansi. Mayi Nsanjama ayamba kukwera ndi lumo, kenaka lata loyamba. Mvula yamphamvu ikuyembekezeka pakati pa sabata. Alendo afika Loweruka, ndipo akhala pakhonde.

Gregory Kalimbuka
Wapampando

Sungeni Makwangwala
Mlembi